Lipoti la nkhani: "malungo" osatha a msodzi wa ku East Bank

Mbiri ya wodwala

Wodwala amene tikufotokoza pano ndi bambo wa zaka 46 wa ku East Bank m'boma la Nsanje, dera limene Ruo amathira mu Shire. Ali pabanja ndipo ali ndi ana 5. Amalima mapira kumtunda, chimanga ndi mbatata kudimba madzi akaphwera, ndipo ndalama ya sopo ndi mchere amaipeza pa usodzi. Pakhomo amalankhula Chisena, koma Chichewa amachidziwa bwino. Dzina, mudzi ndi zina zowazindikiritsa tazichotsa, ndipo eni ake anavomera kuti nkhaniyi ilembedwe kuti ithandize ogwira ntchito zaumoyo.

Namondwe wa Freddy atafika m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023, madzi anatenga nyumba yawo, mbuzi 7 ndi bwato. Banja linakhala pamsasa wa pasukulu mpaka Meyi. Amayi awo owabereka, amene anali okalamba, anakokoloka usiku womwewo ndipo thupi silinapezeke. M'buku lawo la kuchipatala munalibe mzere ngakhale umodzi wonena zimenezi.

Chimene chinali m'bukumo ndi maulendo 6 kuyambira Juni mpaka Seputembala, dandaulo lake limodzimodzi: mutu, kuphwanya m'thupi, mtima kugunda kwambiri, kubanika pachifuwa, kufooka. Iwo ankati ndi malungo. Atayezedwa magazi, malungo sanapezeke ngakhale kamodzi, komabe ulendo wina anapatsidwa mankhwala a malungo a LA, maulendo enawo panado, bulufeni ndi amoxicillin. Anapitanso kwa sing'anga amene anawatema mphini pachifuwa, ndipo ndalama yolipira kumeneko anaikongola kwa wakatapila.

Zimene zinapezeka

Kumayambiriro kwa Okutobala anabweranso. Kuyeza thupi kunachitika mokwanira, ndipo ndi bwino kutero tisanaganize za matenda a maganizo, chifukwa kuno malungo, kuchepa kwa magazi, TB ndi HIV zimabweretsanso kufooka komweko. Thupi silinali lotentha, BP inali 128/82, mlingo wa magazi (Hb) 13.4, shuga ali bwino, HIV palibe, pachifuwa pomveka bwino, osatsokomola. Sikelo yokha ndiyo inasintha: kuchoka pa makilogalamu 61 mu Juni kufika pa 56.

Namwino amene anaphunzira njira ya mhGAP ya bungwe la WHO yothandizira matenda a maganizo m'zipatala wamba sanawauze kuti "mulibe matenda". Mawu amenewo amatseka pakamwa wodwala, chifukwa mutu ukuwawadi ndipo mtima ukugundadi. Anawauza kuti, "Bambo, magazi anu ndi mtima wanu zili bwino, koma ululu mukuumvawu ndi weniweni. Tiyeni tifufuze kumene ukuchokera." Atafunsa chimene chinachitika pakhomo matendawa asanayambe, yankho linali lalifupi: "Madzi basi, ngati aliyense." Funso limene linatsegula njira linali la tulo. Anati amagona cha m'ma 9 koloko, n'kudzidzimuka pakati pa usiku thukuta lili kamukamu, akumva ngati madzi akuwomba pakhomo, ndipo sagonanso mpaka tambala. Mwamuna amene sangavomere kuti ali ndi chisoni amavomera mosavuta kuti sakugona, ndipo kuchokera pa tulo mumafika pa maloto, kuchokera pa maloto mumafika pa nkhani yeniyeni.

Pa mafunso 9 oyezera kukhumudwa otchedwa PHQ-9, amene amafunsa za masabata 2 apitawo ndipo chiwerengero chake chimalekezera pa 27, anapeza 17, kutanthauza kukhumudwa kokulirapo. Analinso ndi zizindikiro za munthu amene anadutsa m'zoopsa: maloto obwerezabwereza, kudzidzimuka ndi phokoso, ndi kupewa mtsinje. Chiyambire Marichi anali asanapondeko kudooko. Kachasu ankamwa madzulo masiku ena pa sabata kuti tulo tibwere, koma sankamwa m'mawa ndipo manja sankanjenjemera. Sankamva mawu a anthu osaoneka, ndipo analibe mbiri ya khunyu kapena ya nthawi imene anasangalala mopitirira muyezo osagona.

Funso lomaliza la PHQ-9 ndi la maganizo ofuna kufa, ndipo anayankha kuti amawabwerera masiku ena. Namwino anafunsa mosazungulira ngati anaganizapo za njira. Anakhala chete kanthawi, kenako anati kudenga kwa khumbi lawo kuli botolo la mankhwala opopera thonje limene mnansi anawasungitsa, ndipo usiku akadzuka amaliganizira. Tsiku anali asanasankhe, ndipo anali asanayesepo kudzivulaza. Anzathu ambiri amaopa funso limeneli poganiza kuti lipatsa munthu nzeru yoipa. Silitero. Bambowa atayankha anapuma mozama n'kunena kuti palibe amene anali atawafunsapo.

Zimene tinasankha ndi zifukwa zake

Choyamba chinali chitetezo. Ndi chilolezo chawo, akazi awo amene anali pamzere wa sikelo ya mwana anaitanidwa. Anagwirizana kuti botololo libwezedwe kwa mwini wake tsiku lomwelo, kuti usiku bambo asagone okha, ndiponso kuti maganizowo akakula adzutse akazi awo kapena mng'ono wawo amene amakhala pafupi. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anapita mawa lake kukaona ngati botolo lachokadi. Namwino anaimbiranso foni wogwira ntchito za matenda a maganizo kuchipatala cha boma, ndipo anagwirizana kuti kuwatumiza ku Zomba Mental Hospital sikunali kofunika: anali odekha, ankalankhula momveka, banja linalipo, ndipo ulendo wautaliwo ukanangowonjezera ngongole ndi manyazi.

Pa mankhwala panali zokambirana. Mwa mankhwala a kukhumudwa, amitriptyline ndiye anali m'famase, koma munthu amene ali ndi maganizo odzipha sapatsidwa mankhwalawa kuti akasunge kunyumba, chifukwa akamwa ambiri nthawi imodzi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Diazepam wa tulo tinamukana: amazoloweretsa, ndipo ndi woopsa akasakanikirana ndi mowa. Fluoxetine, mankhwala ena a kukhumudwa, ankayenera kuitanitsidwa kuboma. Titawafotokozera, bambowa anati mapilisi awatopetsa. Tinagwirizana zoyamba ndi chithandizo cha kukambirana, ndipo ngati patatha masabata 4 chiwerengero sichinatsike kapena maganizo a imfa akula, fluoxetine ayambike.

Njira imene tinatsata ndi ya Problem Management Plus (PM+), imene WHO inatulutsa mu 2016 kaamba ka anthu okhala m'madera a mavuto. Ili ndi magawo 5, sabata iliyonse kamodzi, mphindi 90 gawo lililonse. Sinapangidwire munthu amene wakonza zodzipha posachedwa, n'chifukwa chake tinayamba taonetsetsa za chitetezo, ndipo funso la imfa linkafunsidwa pa gawo lililonse. Tinasintha zinthu ziwiri. Magawo ankayamba 7 koloko m'mawa, popeza Okutobala ndi Novembala kuchigwa kuno kutentha kumafika madigiri 40 ndipo masana palibe amene angakhale pansi ola lathunthu akuganiza. Ankachitikiranso m'kachipinda ka kumbuyo, kutali ndi mzere wa odwala, chifukwa pamzerepo pamakhala anthu a m'mudzi mwawo.

Mmene kukambirana kunayendera

Gawo loyamba linathera pa kumvetsa mmene thupi ndi maganizo zimakokerana. Namwino sanaphunzitse ngati m'kalasi. Anawapempha kuti afotokoze tsiku lomaliza limene mtima unagunda kwambiri, kuyambira pamene anadzuka. Zinapezeka kuti tsikulo kunachita mitambo chakumapiri a Thyolo. Ulendo wina unali tsiku limene mwana anakhuthula ndowa ya madzi kuseri kwa khumbi usiku. Wina unali tsiku limene wakatapila anadutsa pakhomo. Namwino anajambula papepala mzere wozungulira: mitambo, kukumbuka, mtima kugunda, ganizo lakuti "ndikudwala, ndifa", kugona m'nyumba tsiku lonse, kusowa ndalama, kachasu, tulo toipa, m'mawa mutu. Bambowa anayang'ana pepalalo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndili ngati mbuzi ya pachingwe, ikamazungulira chikhomo chingwe chimafupika." Kuyambira pamenepo tinkagwiritsa ntchito chithunzi chawocho, osati chathu.

Apa ndi pamene chithandizo cha kulankhula chimasiyana ndi uphungu wa pamaliro kapena wa kutchalitchi. Anthu ambiri anali atawauza kale kuti alimbe mtima, aiwale, ayang'ane ana. Palibe amene anawathandiza kuona kuti kugunda kwa mtima kuli ndi nthawi yake ndi choyambitsa chake. Munthu akangoona kuti chizindikirocho chimabwera motsatira chinachake, mantha akuti walodzedwa kapena ali ndi nthenda yobisika amayamba kuchepa, ngakhale chizindikirocho chisanathe. Za ufiti sitinatsutsane nawo. Tinangowapempha kuti sabata imeneyo aziona chimene chachitika mtima usanayambe kugunda, n'kuika kamwala m'chitini nthawi iliyonse imene apeza choyambitsa.

Tinawaphunzitsanso kupuma pang'onopang'ono: dzanja limodzi pamimba, kukoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 3, kuutulutsa powerenga mpaka 3, kwa mphindi zingapo, m'mawa ndi madzulo pamene mtima uli phee, kuti thupi lizolowere lisanafike pa nthawi yovuta. Pa gawo lachiwiri anabwera akudandaula kuti njirayi ikuwachititsa chizungulire. Titawaona akuchita, ankakoka mpweya wambiri ndi chifuwa, mapewa akukwera. Zimenezi zimachitika kawirikawiri: munthu akamva "pumani" amapuma mwamphamvu, mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, ndipo chizungulire ndi dzanzi m'zala zimabwera, zomwe zimafanana ndi matenda amene akuwaopawo. Ndi bwino kuona wodwala akuchita pamaso panu gawo lililonse, osangofunsa ngati akuchita.

Pa gawo lachiwiri lomwelo tinalemba mavuto onse: ngongole, nyumba, njala, bwato, fizi ya mwana wa ku sekondale, kusagona. Tinawagawa pawiri, amene angathe kuchitapo kanthu ndi amene sangathe. Anasankha ngongole ya K80,000 imene chiwongoladzanja chake chinkakwera mwezi uliwonse. Vuto loti "ndilibe ndalama" ndi lalikulu kwambiri moti silingagwiridwe, choncho tinalichepetsa kufika pa ili: kuimitsa chiwongoladzanja. Anatchula njira zonse zimene zinabwera m'mutu, ngakhale zosatheka monga kuthawira ku Mozambique, ndipo namwino sanatsutse ngakhale imodzi mpaka zonse zitatha. Anasankha kupita ndi mng'ono wawo kwa anyakwawa kuti akakhale pansi ndi wakatapilayo. Tinalemba tsiku, nthawi, ndi amene ayambe kulankhula. Sabata yoyamba sanapite, anati anachita manyazi. Tinabwereza ndondomekoyo, mng'ono wawo n'kukhala woyamba kukaonana ndi anyakwawa. Pamapeto pake anagwirizana kuti chiwongoladzanja chiime ndipo ngongole ibwezedwe pang'onopang'ono.

Pamene nkhani inatembenukira

Pa gawo lachitatu tinkakonza zobwerera ku ntchito zazing'ono, chifukwa munthu wokhumudwa akamadikira kuti mphamvu zibwere kaye ndiye agwire ntchito, sizibwera. Anavomera kusoka maukonde a mng'ono wawo pakhonde kwa theka la ola tsiku lililonse. Namwino atatchula zopita kudooko, nkhope inasintha, ndipo anasiya Chichewa n'kuyamba kulankhula Chisena. Namwinoyo amamva Chisena, ndipo sanawabweze kapena kuitana womasulira.

Anafotokoza kuti chenjezo la madzi analimva, ndipo akazi awo ndi ana anapita kumtunda masana. Iwo anatsala kuti ayang'anire mbuzi, poopa akuba. Amayi awo anakana kuchoka popanda mwana wawo. Madzi atafika usiku, anawagwira dzanja akulowera kumtengo, koma anapulumuka m'manja mwawo. Kwa miyezi 7 anali asanauzeko munthu kuti chimene chinawasunga amayi pamudzi chinali mbuzi. "Ndinasinthanitsa amayi anga ndi mbuzi," anatero. Analira nthawi yaitali, kenako anapepesa ponena kuti mwamuna salira pamaso pa anthu.

Pa mphindi ngati imeneyi wothandiza amafulumira kunena kuti "si mlandu wanu". Mawuwo ndi oona, koma akanenedwa msanga wodwala amangoona kuti simunamvetse kukula kwa nkhaniyo. Namwino anangoti, "Bambo, mwanyamula zimenezi nokha nthawi yonseyi," n'kudikira. Ndondomeko ya tsikulo inaikidwa pambali. Pambuyo pake anafunsa mafunso oti iwo ayankhe okha. Madzi a mu 2015 ndi a mu 2019 anafika pati? Anati analekezera pabwalo, m'nyumba sanalowe. Ndi amuna angati m'mudzimo amene anatsala kuyang'anira ziweto usiku umenewo? Anatchula angapo. Masana aja ankadziwa chimene akuchidziwa lero? Ayi. Akanakhala mng'ono wawo ndiye anatsala, akanamuuza chiyani? Anaganiza, n'kunena kuti akanamuuza kuti anawagwira dzanja mpaka pamene mphamvu zinathera.

Sitinawakakamize kufotokoza usikuwo mwatsatanetsatane mobwerezabwereza. Njira ya PM+ sifuna zimenezo, ndipo kukumba zoopsa popanda maphunziro ake kumatha kuwonjezera maloto oipa. Tinalandira zimene anasankha kunena, n'kuonetsetsa kuti asanatuluke apuma mofatsa, afunsidwanso za maganizo a imfa, ndipo akudziwa amene akakhale naye madzulo amenewo.

Gawo lachinayi ndi la kulimbitsa ubale ndi anthu, ndipo anapempha kuti akazi awo akhalepo. Anawauza okha nkhani ya mbuzi. Mayiwo anati ankadziwa kalekale, mudzi wonse unkadziwa, ndipo palibe amene ankawaimba mlandu. Chimene chinkawapweteka n'chakuti bambo anasiya kudya ndi ana. Apa panatulukanso nkhani ya maliro. Popeza thupi silinapezeke, banja silinachite mwambo uliwonse, aliyense akudikira mnzake. Namwino sanasankhire banjali chochita. Anangofunsa chimene iwo amaona kuti n'choyenera kwa munthu wotayika m'madzi, ndi amene angatsogolere. Anagwirizana zokaonana ndi akuluakulu a kubanja ndi abusa a mpingo wawo, ndipo mu Novembala anachita mapemphero okumbukira amayiwo pamalo pamene panali nyumba yakale.

Za kudooko tinaziyendetsa pang'onopang'ono: kuyenda ndi mng'ono wawo mpaka pamene madzi amaonekera patali, kukhala pamenepo mpaka mtima utatsika, tsiku lina kufika pagombe, kenako kuthandiza kutsitsa nsomba, kenako kukwera bwato pafupi ndi gombe masana. Chofunika ndi kusachoka mtima uli pamwamba, chifukwa kuthawa pa nthawi imeneyo kumalimbitsa mantha. Tizikumbukiranso kuti mu Shire muli ng'ona ndi mvuu, ndipo mtsinjewo umasefukiradi. Cholinga sichinali kuchotsa kusamala konse, koma kuti athe kusiyanitsa mtsinje wa tsiku wamba ndi wa usiku uja.

Zoti anzathu aziyang'ana

Buku la kuchipatala lokhala ndi maulendo ambiri a dandaulo limodzi, zoyeza zonse zili bwino, ndi chizindikiro pachokha. M'maboma a Nsanje ndi Chikwawa, kumene anthu adutsa m'madzi a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, funso lakuti "madzi aja anakusiyani bwanji?" liyenera kukhala la masiku onse ngati la kutsokomola. Pamzere wa anthu ochuluka nthawi imachepa, koma kufunsa za tulo, chilakolako cha chakudya ndi chimene chinachitika matenda asanayambe kumatenga mphindi zochepa kuposa maulendo 6 a panado.

Chinanso ndi dongosolo la nkhani. Chinsinsi cha bambowa sichinatuluke tsiku loyamba, ndipo sichikanatuluka. Chinabwera pambuyo poti aona kuti ululu wawo wakhulupiriridwa, kuti zimene ananena za botolo sizinafalikire m'mudzi, ndiponso kuti nkhani ya ngongole yayenda. Ena amaona ngati kukambirana za katapila si ntchito ya namwino. Pa wodwala uyu, kuthetsa kachigawo ka ngongoleyo ndi kumene kunawapatsa chifukwa chobwereranso sabata yotsatira.

Zotsatira

Patatha masabata 4 chiwerengero cha PHQ-9 chinali 11, choncho fluoxetine sanayambike. Pomaliza gawo lachisanu chinali 8, ndipo pa funso la imfa anayankha kuti ayi. Kachasu anachepetsa kufika pa kamodzi pa sabata. Gawo lomalizali linathera pa kukonzekera dzinja: tinawachenjeza kuti mvula yoyamba ikadzagwa zizindikiro zitha kubwerera, ndipo kumeneko sikudzakhala kubwerera pachiyambi. Banja linalemba ndondomeko yake ya madzi, yonena kumene adzapite chenjezo likadzamveka, amene adzatsogoze ziweto masana, ndi lamulo lakuti palibe wogona kumudzi.

Mu Januwale 2024, usiku wa mvula ya mabingu, anadzuka mtima ukugunda ndipo maloto anabwerera kwa masiku angapo. Anabwera kuchipatala okha, ndipo sanapemphe zoyezetsa malungo. Anati mvula yawadzutsira zakale ndipo akufuna kukambirana. Chiwerengero chinali 12. Tinachita magawo 2 owonjezera, kubwereza kupuma ndi kuonanso pepala lija la mzere wozungulira, ndipo patatha mwezi chinatsika kufika pa 7.

Chaka chimenecho mvula inadula chifukwa cha El Niño, ndipo mu Marichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Mapira a banjali sanachite bwino, ndipo panali masabata amene ankadalira nyika za m'madambo. Titawaona komaliza mu Juni 2024, sikelo inali pa makilogalamu 59, PHQ-9 pa 6, akupha milamba ndi bwato la mng'ono wawo masiku ambiri pa sabata. Usiku wa mvula amadzukabe, ndipo kuwoloka Shire madzulo amakana. Ngongole inali itatsala K25,000, nyumba ikadali ya udzu. Mlangizi wa zaumoyo anapatsidwa udindo wowayendera mu Novembala mvula isanayambe, kufunsanso mafunso a PHQ-9, ndi kuona ngati pakhomo pasungidwanso mankhwala a mbewu.